Ana Aakazi a Sa'd ndi Gawo la Mkazi m'Chisilamu

Mashehe athu, mafumu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, zikomo pobwera. Mwandipatsa mutu wa malo a mkazi m'Chisilamu, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mukudikira kuti ndinene kuti Chisilamu chinalemekeza mkazi, tonse tigwedeze mitu, kenako tizipita kwathu. Mawuwo ndi oona, koma tawabwereza kwambiri moti anasiya kuluma. Mayi amene alamu ake amulanda nyumba sadaka ya mwamuna wake itangotha, ulemu wa pakamwa sumuthandiza kanthu. Choncho lero ndilankhula za chuma, za mahari, za chilolezo cha mtsikana pa ukwati ndi za maphunziro, chifukwa m'zinthu zimenezi ndi mmene timaonekera ngati tikutsata chipembedzo kapena tikungochitchula.

Tiyambire ku Madina. M'chaka cha 625, pa nkhondo ya ku Uhud, Asilamu pafupifupi 70 anaphedwa. Mmodzi wa iwo anali Sa'd ibn al-Rabi', amene anasiya mkazi ndi ana awiri aakazi. M'bale wake wa Sa'd anabwera n'kutenga chuma chonse. Sanadzione ngati wakuba ayi. Pa mwambo wa Aarabu a nthawi imeneyo, chuma cha masiye chinkapita kwa amuna otha kukwera kavalo ndi kugwira lupanga, ndipo akazi ndi ana sankawerengedwa. Namfedwa uja sanakhale pansi n'kumalira. Anagwira ana ake awiriwo, napita nawo kwa Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, n'kukadandaula. Mtumiki anamuuza kuti adikire chigamulo cha Allah. Pambuyo pake zinatsika ndime za chuma cha masiye zimene timaziwerenga mu Surat an-Nisa, ndime 11 ndi 12. Mtumiki anaitanitsa m'bale wa Sa'd uja n'kumulamula kuti apereke magawo awiri mwa magawo atatu kwa atsikana aja, gawo limodzi mwa magawo 8 kwa mayi wawo, iye atenge chotsalacho.

Tiyeni tiziike m'makwacha kuti zimveke. Tinene kuti munthu wasiya K2,400,000, ngongole zake zabwezedwa kale, ndipo olowa chuma ali ngati a kwa Sa'd. Ana awiri aakazi alandira K1,600,000. Mkazi wake alandira K300,000. M'bale wa malemu, amene dzulo lake anakokolola zonse, atsala ndi K500,000. Taonani kuti Qur'an, imene sinatiuze ngakhale chiwerengero cha maraka a swala iliyonse, pa nkhani iyi inachita kutchula manambala mmodzimmodzi. Kuganiza kwanga n'kwakuti Mwini kulenga amadziwa mtima wa munthu pamene pali chuma: akanangoti muziwaganizirako akazi, bwenzi akaziwo akulandira mphika ndi chitenje chakutha basi.

Nkhani ya Sa'd si yachilendo kwa ife. Tonse tinaonapo galimoto ikuima pakhomo pa namfedwa, abale a mwamuna akunyamula matilesi, wailesi, njinga, mpaka malata a padenga. Ena mwa onyamulawo amakhala atavala mikanjo yoyera, akuchokera ku Jumu'a. Boma linakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye mu 2011, limene likuti kulanda chuma chotere ndi mlandu. Msilamu sankafunika kudikira 2011. Surat an-Nisa yomweyo, ndime 10, imafanizira odya chuma cha ana amasiye mopanda chilungamo ndi anthu odzaza moto m'mimba mwawo. Ndipo ndime 19 imaletsa kulowa akazi ngati katundu wosiyidwa, iwo asakufuna. Aarabu ankachita zimenezo, ife kuno timati chokolo. Namfedwa akamaliza edda yake ya miyezi inayi ndi masiku khumi, ali ndi ufulu wokwatiwa ndi amene wamufuna, kapena kungokhala osakwatiwanso.

Tsopano funso limene ndikuliona pa nkhope za atsikana a ku sekondale mwakhala kutsogoloku: nanga bwanji mwana wamwamuna amalandira gawo la ana aakazi awiri? Sindilizemba. N'zoona, zinalembedwa choncho, ndipo amene angakuuzeni kuti mulibe akukunamizani. Koma werengani ndimezo mpaka kumapeto. Munthu akamwalira n'kusiya ana, bambo ake ndi mayi ake amapatsidwa gawo lofanana, aliyense limodzi mwa magawo 6. Abale obadwa kwa mayi mmodzi koma abambo osiyana, akakhala olowa chuma, amagawana mofanana, mwamuna ndi mkazi yemwe. Pa nkhani ya Sa'd, mtsikana aliyense analandira zoposa za m'bale wa bambo ake uja. Choncho si lamulo lakuti kulikonse mkazi ndi theka la mwamuna. Pamene mwamuna wapatsidwa zochuluka, wasenzetsedwanso katundu. Iye ndiye wopereka mahari, wodyetsa mkazi ndi ana, wowaveka, wowapezera pogona, ndipo mayi ake kapena mlongo wake akasowa pogwira, anthu amayang'ana kwa iye. Walira mvula walira matope. Mchimwene amene watenga magawo awiri, n'kukagula njinga yamoto, mlongo wake akuvutika yekha ndi ana, watenga theka la lamulo n'kutaya theka linalo. Ameneyo asabwere kudzatiwerengera ndime.

Chuma cha mkazi, pamenepo, ndi chake yekha. Mahari ndi ake, si a bambo ake, si a malume ake, si a ankhoswe. Surat an-Nisa ndime 4 imalamula kuti aperekedwe kwa mkaziyo mwini. Ngati mwamuna anangolonjeza pa nikah osapereka, mahariwo amakhala ngongole, ndipo akamwalira amabwezedwa kuchokera pa chuma chake anthu asanayambe kugawana. Zimene mkazi wapeza pogulitsa usipa kapena pa malipiro ake a uphunzitsi, mwamuna alibe nazo ulamuliro pokhapokha mwiniwake atamupatsa mwa kufuna kwake. Khadija, mkazi woyamba wa Mtumiki komanso munthu woyamba kukhulupirira uthenga wake, anali wamalonda wa ku Makka amene anamulemba ntchito yopita ndi katundu wake ku Syria asanakwatirane. Ku England, mkazi wokwatiwa anapatsidwa ufulu wonse pa katundu wake ndi lamulo la mu 1882. Mfundo imeneyi Asilamu timakonda kuitchula monyadira, ndipo si kulakwa. Koma kunyadira lamulo lakale pamene mahari a mwana wako wagulira feteleza n'kudzinamiza.

Pali chinthu china chimene ndimachiona kuno kwathu, makamaka m'madera a chikamwini monga Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota. Mwambo wathu umasunga munda m'manja mwa mbumba, ndipo pa nkhani ya nthaka mkazi wa kuno ndi wotetezeka kuposa akazi a m'mayiko ambiri. Ndiye taonani ukathyali wa amuna ena. Mchimwene wawo akamwalira, amakumbukira mwambo: katundu ndi wa kwathu, mkaziyu ndi ana ake ali ndi kwawo. Mayi awo akamwalira n'kusiya nyumba pa boma, amakumbukira Shariah: ine ndine mwamuna, anga ndi magawo awiri. Munthu yemweyo, malamulo awiri, ndipo onse amawatulutsa pa tsiku limene akumukomera. Mashehe, musalole kuti mabuku anu azigwiritsidwa ntchito motero.

Tibwere pa ukwati. Khansa bint Khidam, mayi wa ku Madina amene anali atakwatiwapo kale, anakwatitsidwa ndi bambo ake kwa mwamuna amene sankamufuna. Anakadandaula kwa Mtumiki, ndipo ukwatiwo unathetsedwa. Nkhaniyi ili mu Sahih al-Bukhari. Za namwali, Mtumiki anaphunzitsa kuti nayenso afunsidwe, ndipo akakhala chete chifukwa cha manyazi, kukhala cheteko kutengedwe ngati kuvomera. Akatswiri a malamulo anasiyana maganizo pa mphamvu ya bambo. Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata njira yake, anapatsa bambo mphamvu yaikulu pa mwana wake namwali, pamene Imam Abu Hanifa anati mtsikana wamkulu sangakakamizidwe ndi aliyense. Ine pa nkhani iyi ndili kumbali ya Abu Hanifa, ndipo ndikuona kuti mahadith ali kumbali yomweyo. Mtsikana amene akulira kuchipinda, azakhali ake atamuzinga, sanakhale chete chifukwa cha manyazi. Dziwaninso kuti kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mwana wa Sitandade 7 akufunika yunifolomu ndi makope.

Kutuluka m'banja nakonso kuli ndi khomo la mkazi. Mkazi wa Thabit ibn Qays anauza Mtumiki kuti mwamuna wake sakumupezera chifukwa pa khalidwe kapena pa chipembedzo, koma mtima wake sukumufuna. Mtumiki anangomufunsa ngati angabweze munda umene anapatsidwa ngati mahari. Atavomera, banja linatha. Njira imeneyi imatchedwa khul', ndipo dziko la Egypt linaiika m'malamulo ake m'chaka cha 2000 kuti mkazi azitha kuipeza kukhoti ngakhale mwamuna akane. Mwamuna akalephereratu kudyetsa banja, njira ya Shafi'i imalola mkazi kupempha kuti ukwati uthetsedwe. Izi n'zofunika kuzidziwa kuno, kumene amayi ambiri amuna awo anapita ku Joni zaka zapitazo, satumiza kanthu, sabwera, komanso sawamasula. Ena akafuna kumasula amangotumiza mawu pa WhatsApp kuti longedza. Surat at-Talaq, ndime yoyambirira yeniyeniyo, imaletsa kutulutsa mkazi m'nyumba pa nthawi ya edda, ndipo ndime 6 imalamula kuti woyembekezera asamalidwe mpaka atachira. Ku India, khoti lalikulu linathetsa mu 2017 mchitidwe wonena talaka katatu nthawi imodzi, ndipo amene anakasuma anali mayi wa Chisilamu, Shayara Bano.

Za mitala ndinena pang'ono, ngakhale ndikudziwa kuti abambo ena ndime imeneyi ndi yokhayo anailoweza. Ndime 3 ya Surat an-Nisa imayamba ndi nkhawa ya chilungamo pa ana amasiye, imaika malire pa akazi anayi pamene kale kunalibe malire, ndipo imati woopa kuti sachita chilungamo akhale ndi mmodzi. Ndime 129 imachenjeza kuti chilungamo chenicheni pakati pa akazi n'chovuta ngakhale munthu atayesetsa. Mtumiki anakhala ndi Khadija yekha zaka pafupifupi 25, ndipo Ali atafuna kukwatira mkazi wina pa Fatima, mwana wa Mtumiki, Mtumikiyo sanalole. A njira ya Hanbali amavomereza kuti mkazi aike m'pangano la nikah mfundo yakuti mwamuna asadzatenge wina. Tunisia inaletsa mitala mu 1956, ndipo Morocco, pokonzanso lamulo la mabanja mu 2004, inati mwamuna azikapempha kaye chilolezo kwa woweruza. Amene akulephera kugula thumba limodzi la chimanga pa nyumba yoyamba, nkhani ya nyumba yachiwiri si yake.

Pali ndime 34 ya sura yomweyo, imene amuna ankhanza amabisalamo. Akatswiri akale omwe, amene anaimva kuti ikulola kumenya, anaizinga ndi malire ambiri moti sipatsala malo a chibakera kapena chikoti, ndipo Ata ibn Abi Rabah, katswiri wa ku Makka wa m'badwo wotsatira maswahaba, anati mwamuna asamenye n'komwe. Aisha, mkazi wa Mtumiki, anachitira umboni kuti Mtumiki sanamenyepo mkazi kapena wantchito ndi dzanja lake. Ngati timati chitsanzo chathu ndi iye mpaka pa kasungidwe ka ndevu, chikhale chitsanzonso pa dzanja. Mayi wotupa diso akabwera kwa inu, a shehe, musathamangire kumuuza kuti apirire. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuno kuyambira mu 2006, ndipo kumuperekeza kupolisi si kuchimwira Allah.

Mwina wina afunsa kuti nanga kufanana kuli pati. Kuli pa maziko. Umm Salama, mkazi wa Mtumiki, anafunsa chifukwa chimene amuna amatchulidwa m'Qur'an koma akazi ayi. Yankho lake ndi ndime 35 ya Surat al-Ahzab, imene imandandalika makhalidwe khumi, monga chikhulupiriro, kunena zoona, kupirira, kupereka sadaka ndi kusala, ndipo pa lililonse imatchula amuna ndi akazi moyandikana, n'kuwalonjeza malipiro amodzi. Pa nkhani ya mtengo woletsedwa, Qur'an simuloza chala Hawa yekha. Iye ndi Adam onse awiri ananyengedwa, onse awiri analapa. Surat at-Takwir imati mwana wamkazi wokwiriridwa wamoyo adzafunsidwa pa tsiku la chiweruzo kuti anaphedwera tchimo lanji. Ndipo sura yonse ya 58, al-Mujadila, inatenga dzina lake kwa Khawla bint Tha'laba, mayi amene anatsutsana ndi Mtumiki pa nkhani ya mwamuna wake amene anamusiya m'malere ndi lumbiro la mwambo wakale. Allah anamva dandaulo lake, mwambowo unathetsedwa. Taonani kuti pa nkhani zambiri zimene ndatchulazi, chigamulo chinabwera chifukwa mkazi anadzuka n'kukafunsa. Palibe amene anamuuza kuti mawu a mkazi samveka pagulu.

Za umboni wa akazi awiri m'malo mwa mwamuna mmodzi, ndime 282 ya Surat al-Baqara ikukamba za kulemba ngongole, ndipo Ibn al-Qayyim, amene anamwalira mu 1350, anafotokoza kuti ndi malangizo a kasungidwe ka pangano, osati chingwe chomanga woweruza pa mlandu uliwonse. Mtumiki mwini analekanitsa Uqba ibn al-Harith ndi mkazi wake pa mawu a mayi mmodzi amene anati anawayamwitsa onse awiri. Ndipo pa chinthu cholemera kuposa ngongole, chimene ndi kusunga mawu a Mtumiki, palibe katswiri wa hadith amene anakana nkhani chifukwa chakuti woinena ndi mkazi.

Apa ndiye ndafika pamene mtima wanga uli. Akazi a ku Madina anauza Mtumiki kuti amuna akuwaphangira nthawi ya maphunziro, choncho awapatulire tsiku lawolawo, ndipo anawapatsa. Aisha anasimba mahadith oposa 2,000, ndipo maswahaba akuluakulu ankapita kukamufunsa nkhani zovuta, kuphatikizapo masamu a chuma cha masiye. Masamba a Qur'an amene anasonkhanitsidwa m'nthawi ya khalifa Abu Bakr anadzasungidwa ndi Hafsa, mkazi wina wa Mtumiki, ndipo khalifa Uthman anakawabwereka kwa iye pofuna kukopera mabuku otumiza m'mizinda. Ku Makka kunali Karima al-Marwaziyya, amene anamwalira cha m'ma 1070, ndipo al-Khatib al-Baghdadi, katswiri wotchuka wa ku Baghdad, anakhala pansi kuwerenga Sahih al-Bukhari pamaso pake. M'masiku athu ano, Mohammad Akram Nadwi, shehe wa ku India wokhala ku Britain, anayamba kufufuza mayina a akazi ophunzitsa hadith akuganiza kuti apeza ochepa chabe. Anapeza oposa 8,000. Kuno ku Africa, Nana Asma'u wa ku Sokoto, mwana wa Usman dan Fodio, amene anabadwa mu 1793 n'kumwalira mu 1864, ankalemba m'Chiarabu, m'Chifulani ndi m'Chihausa. Anaphunzitsa amayi amene ankayenda m'midzi kukaphunzitsa anzawo kudzera m'ndakatulo zoloweza, gulu lotchedwa Yan Taru. Analibe galimoto, analibe wailesi, koma maphunziro anafika kwa mayi wa kumudzi.

Ndiye mukamva kuti a Taliban ku Afghanistan anatsekera atsikana sukulu za sekondale atatenga boma mu 2021, n'kuwatsekeranso mayunivesite mu Disembala 2022, musavomere kuti chimenecho ndi Chisilamu chokhwima. Shehe wamkulu wa al-Azhar, Ahmed el-Tayeb, anadzudzula poyera kuti chiletsocho chikutsutsana ndi Shariah. Koma tisaloze kutali kokha. Kuno tinalimbana kuti atsikana athu aziloledwa kuvala hijab kusukulu, mpaka kunabuka mikangano ku Balaka mu 2019, ndipo mu 2021 atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu anasainirana mgwirizano mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee. Nkhondo imeneyo inali yoyenera. Koma ndikufunsa abambo amene munakweza mawu nthawi imeneyo: mtsikana amene munamumenyera nkhondo ya mpango uja, ali kuti lero? Anafika Folomu 4? Ngati tinalimbana kuti alowe m'kalasi atafunda, kenako ife tomwe n'kumutulutsamo kuti akakwatiwe, ndiye kuti tinkamenyera nsalu osati mwana.

Za utsogoleri sinditaya nthawi. Akatswiri anakanganapo kuyambira kale: Abu Hanifa analola mkazi kuweruza milandu ina, al-Tabari analola pa milandu yonse, ambiri anakana. Surat an-Naml imaonetsa mfumukazi ya ku Saba ikufunsira nzeru kwa nduna zake n'kupulumutsa anthu ake ku nkhondo. Pakistan inasankha Benazir Bhutto mu 1988, Indonesia inakhala ndi Megawati Sukarnoputri mu 2001, ndipo oyandikana nafe a ku Tanzania analumbiritsa Samia Suluhu Hassan wa ku Zanzibar mu 2021. Kaya analamulira bwino kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ya ndale, monga mmene zilili ndi amuna. Chondikhudza ine ndi chaching'ono kuposa pamenepo: m'makomiti a mizikiti yathu, momwe mumakambidwa za ndalama za madrassa ndi za mabanja osokonekera, amayi alimo angati? M'mizikiti ina malo a amayi ndi kachipinda kamdima kopanda chimkuzamawu, pamene Mtumiki analetsa kutsekereza akazi ku mzikiti.

Pempho langa likupita kwa inu mashehe ndi aphunzitsi a madrassa. Atsikana athu amaphunzira kuwerenga Qur'an, kenako malamulo a udhu ndi a kumwezi, maphunziro n'kuthera pomwepo. Aphunzitseninso masamu a chuma cha masiye, malamulo a mahari, a talaka ndi a khul', kuti tsiku la tsoka asamadalire kumasulira kwa munthu yemwe akuwalanda. Pa nikah iliyonse imene mumangitse kuyambira lero, pitani mukamufunse mtsikanayo nokha, azakhali ake atatuluka, ndipo mahari alembedwe pa pepala, pepalalo asunge ndi iye. Inu abambo, lembani zimene muli nazo ndi ngongole zanu mukadali moyo, mahari osapereka aja akhale pamwamba. Ndipo inu amayi, mukamva chigamulo chokukhudzani, funsani kuti chachokera m'sura iti ndi ndime iti, chifukwa kufunsa kotero ndi ufulu wanu.